Maliro a Nachisale, Amene Sanabadwe N'komwe

Mpaka lero ndikamva lole ikuima pafupi ndi nyumba yanga, ndimathamangira kukasuzumira pazenera. Aphunzitsi anzanga a kuno ku Mtunthama amadziwa chifukwa chake, ndipo ena akandiona ndikubwera amayamba kung'ung'udza nyimbo ya maliro. Ndaona kuti bola ndifotokoze ndekha, poti nkhaniyi ikamayenda m'kamwa mwa anthu ikumera nyanga (wina anandiuza kuti anamva zoti ndinagula bokosi la maliro, zomwe si zoona).

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Chaka chatha bungwe lina linabweretsa maphunziro a pa intaneti a kaphunzitsidwe ka kuwerenga m'makalasi a ana aang'ono. Munthu ankaonera kavidiyo pafoni yake, n'kuwerenga, kenako n'kukambirana ndi anzake pagulupu ya pafoni. Pamapeto panali mayeso ndi satifiketi, imene aliyense ankakhulupirira kuti idzamukweza pantchito. Gulu lililonse linkafunika wolitsogolera, woti aziponya mafunso, kulimbikitsa ofooka ndi kusaka osowa. Ahedi anatchula dzina langa chifukwa ndinawakonzerapo foni itauma (ndinangoizimitsa n'kuiyatsanso, koma mbiri inamveka kuti ndine katswiri).

Gulu langa linali la aphunzitsi omwazikana m'boma lonse la Kasungu, ambiri osadziwana nkhope. Ndipo linali gulu la anthu osalankhula. Ndinkati ndikaponya funso m'mawa, pofika madzulo n'kupeza onse awerenga, woyankha palibe. Amene ankalembako anali a Mwale okha, mphunzitsi wachikulire yemwenso ndi mkulu wa mpingo, ndipo zolemba zawo zinali vesi la m'mawa ndi madandaulo a mitengo ya fodya ku okushoni. Ndinayesa nthabwala, palibe anaseka. Ndinayesa kuopseza kuti wosayankha ndikamunenera ku ofesi, wina anangotuluka pagulupu osatsanzika.

Sindiwaimba mlandu kwambiri. Inali nyengo yosankha fodya, munthu akaweruka kusukulu ankalowa m'chigafa mpaka maso kufiira, ndipo bandulo ya intaneti si yotola. Koma chenicheni chinali china. Mphunzitsi safuna kuoneka mbuli pamaso pa mphunzitsi mnzake, choncho aliyense ankadikira kuti wina ayambe kulakwa. A ku ofesi ku Lilongwe anayamba kundiimbira kuti gulu langa ndi lakufa, ndipo likapitirira choncho alitseka, anthu onse ataye mwayi wa satifiketi. Mutu unandiima.

Apa m'pamene satana anandinong'oneza, ndipo kunena zoona sanavutike nane. Ndinaganiza kuti ngati onse akudikira wolakwa woyamba, ndiwapezere. Ndinatenga foni yakale ya mayi a kunyumba, ndinagula layini yatsopano, n'kulowetsa pagulupu wophunzira wina dzina lake Nachisale. Ndinamuika pakasukulu ka kumalire a paki ya nyama zakutchire, njira ya ku Lifupa, chifukwa kumeneko kunalibe wa m'gulu lathu ndipo netiweki imavuta. Pachithunzi ndinaikapo maluwa. Ndinasankha kuti akhale mkazi poti ndimawadziwa aphunzitsi aamuna: funso la mwamuna mnzawo amaliyang'ana ngati mwala wa m'njira, koma la mayi amalimbirana.

Meseji yake yoyamba ndimaikumbukira bwino, poti ndinailemba nditabisala kuseri kwa kalasi. "Pepani anzanga, ine mutu ndi wouma, kavidiyo aka sindinakamve. Mwana woti sadziwa ngakhale chilembo chimodzi ndimuyambire pati?"

Gulupu inadzuka. A Mwale anatumiza mawu ojambula aatali ngati ulaliki wa Pasaka. Wina anawatsutsa, wina anatsutsa wotsutsayo, amayi nawo anayamba kufotokoza mmene amachitira m'makalasi mwawo. Ine ndinatenga foni yanga yeniyeni n'kulemba kuti funso limeneli ndi labwino kwambiri, mayi Nachisale apitirize mtima womwewo (ndinadziyamikira ndekha, ndipo zinandikoma). Sabata yomweyo a ku ofesi anaimba kuti ndagwira ntchito yotamandika.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinayamba kumukometsa. Nachisale anayamba kusimba za njovu zimene zinamudyera chimanga, za ana ofika mochedwa chifukwa chodikira kuti njovu zidutse, za denga la kalasi yake lodontha. Anayambanso kundiseka ineyo pagulupu, kuti mtsogoleri wathu amalemba zazitali ngati akuwerenga mlandu kukhoti, ndipo anthu anaseka mmene sanasekerepo nthabwala yanga ina iliyonse. Ndikapereka malangizo ine, anthu ankangowerenga. Akabwereza zomwezo Nachisale, onse ankachita. Ndikuvomera pano kuti masiku ena ndinkamuchitira nsanje.

Woyamba kundigwira anali mayi a kunyumba. Anapeza foni ija m'thumba la jekete, ili ndi dzina la mkazi wachilendo, ndipo anaganiza zimene mkazi aliyense angaganize. Ndinawakhazika pansi n'kufotokoza kuti Nachisale ndine ndemwe.

"Bola chikanakhala chibwenzi, bambo a Chisomo, ndikanadziwa tsitsi loti ndikoke," anatero. "Nanga izi ankhoswe ndikawauza kuti chiyani?"

Anandiuza kuti ndisiye zisanafike poipa. Ndinalonjeza kuti ndisiya maphunziro akangotha. Akuluakulu anati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa kungakuchere, koma ine maso anali pafoni.

Tsopano ndinene za mayi Gondwe, poti nkhani yonseyi kwenikweni ndi yawo. Ndi mphunzitsi wa ku Chamama, kwawo ndi kumpoto, ndipo amakhala okha m'nyumba ya pasukulu. Pagulupu sankalemba kanthu. Anali atandiuza kale ineyo kuti akufuna kusiya, maso akuwavuta ndipo zinthu za pafoni sizikulowa m'mutu. Ndinawalimbikitsa ndi mawu a m'buku la atsogoleri, osaphula kanthu. Ndiye tsiku lina madzulo foni yakale ija inalira. Anali mayi Gondwe, atalembera Nachisale kumbali. Anati iwonso mutu ndi wouma ngati iyeyo, ndipo anafunsa ngati nayenso sakuganiza zosiya.

Chala changa chinaima pang'ono, sindikana. Koma ntchito yanga inali yoti munthu asasiye, ndipo apa mwayi unali utabwera wokha. Ndinayankha kuti tisasiye mama, tigwirane manja, tikamalize limodzi.

Zinagwira. Mayi Gondwe anayamba kumaliza ntchito za sabata ndi sabata, ankafunsa Nachisale pomwe sanamve, Nachisale n'kufotokoza pang'onopang'ono, moleza mtima kuposa mmene ine ndimachitira ndi dzina langa. Anayamba kumutchula kuti munyane, kutanthauza mnzanga mwa chikwawo. Kenako macheza anapitirira maphunziro. Zimene ankamuuza Nachisale sindilemba pano, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ndingonena kuti zinali zimene mkazi amauza mkazi mnzake yekha, za m'thupi ndi za banja limene linatha moipa. Ndipo ine, mwamuna wa ndevu zanga, ndinkawerenga n'kuyankha kuti limbani mtima mama, nanenso zinandichitikira.

Manyazi ankandigwira, ndisaname. Ndinayesa kuthawa. Nachisale ankatha masiku osayankha, n'kubwera ndi nkhani ya netiweki. Koma akangosowa, mayi Gondwe ankasiya ntchito za maphunziro n'kuyamba kulembera ine mtsogoleri kufunsa ngati mnzawo ali bwino. Ndiye ndinkamubwezeretsa. Akaimba foni sindinkayankha, ndinawauza kuti inagwera m'madzi, mawu satuluka. Bodza lililonse linkabala mwana wake.

Chimene chinandipha ndi uthenga wa ku ofesi woti mayeso asanafike, gulu lililonse likakumane pamaso kuboma. Gulupu inasangalala, ndipo palibe ankafuna kuona ine. Onse ankafuna Nachisale. A Mwale anati adzamubweretsera nkhuku chifukwa cha chimanga chake chodyedwa ndi njovu. Mayi Gondwe anagula chitenje kuti telala asoke madiresi awiri ofanana, lawo ndi la mnzawo, ndipo anapempha miyeso. Ndinayeza diresi la mayi a kunyumba lili pachingwe, ndi rula ya pabolodi (mnansi wathu anandiona, ndipo mpaka pano sanandifunse).

Ndinayamba ndi malungo. Ndinkaganiza kuti munthu wodwala malungo akhoza kujomba msonkhano popanda wofunsa. Ndinaiwala kuti ndikuchita ndi Amalawi. Gulupu inasanduka tchalitchi, mapemphero m'mawa ndi madzulo, ndipo a Mwale analengeza kuti Loweruka anthu angapo akamuzonde. Ndinafulumira kumusamutsira kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. A Mwale anayankha kuti Mulungu ndi wabwino, mwana wa mlongo wawo ndi namwino pachipatala chomwecho, ndingowauza wodi. Funso limenelo analifunsa katatu, pagulupu ndi kumbali, ndipo mayi Gondwe anali atayamba kufunsa za mabasi a ku Lilongwe.

Lachisanu pa nthawi yopuma, ana akusewera panja, ndinakhala pa desiki yanga n'kumupha. Ndinalemba ndi foni yakale ija kuti ndine mchimwene wawo wa a Nachisale, atisiya m'mawa uno, thupi likupita kumudzi kufupi ndi paki, mwambo mawa. Ndinazimitsa foni, n'kuchotsa layini. Maganizo anga anali akuti anthu atumiza tizithunzi ta nkhope zolira monga amachitira m'magulupu ena, a Mwale aponya vesi, sabata yamawa tibwerera ku maphunziro. Tizithunzito tinabweradi. Kenako gulupu inangoti zii, ine n'kumati zatha. Sindinadziwe kuti anthu asiya kulemba chifukwa ayamba kuimbirana.

Loweruka m'mawa, ndikutsuka m'kamwa pakhonde, lole inaima pabwalo langa. Inali ya mphwawo wa a Mwale, yonyamula mabelo, fungo la fodya lili guu. Pamwamba pake panali pafupifupi gulu langa lonse, anthu amene ndinalephera kuwalankhulitsa miyezi yonse ija, amayi atamanga mipango kumutu, amuna m'majekete. Panali thumba la ufa, shuga, mitolo ya nkhuni ndi nkhuku ya a Mwale ija. Mayi Gondwe anali atakhala pakona, atavala diresi latsopano, linzake lili m'pulasitiki pamiyendo pawo. Maso anali otupa. Aka kanali koyamba kuwaona nkhope.

A Mwale anatsika n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati foni ya achimwene a malemu siikugwira, koma anthu anati palibe chovuta, mtsogoleri ndiye amadziwa kwawo kwa wophunzira aliyense. Maliro n'kulirana, anatero, ndipo ndivale msanga ulendo ndi wautali.

Apa ndi pamene ndinayenera kunena zoona. Pabwalo langa, lole isanawononge mafuta ambiri. Koma nditayang'ana mayi Gondwe, ndinabwerera m'mbuyo. Ndinalowa m'nyumba kukapempha nzeru kwa mayi a kunyumba, iwo anangonditambasulira jekete. Nditawapempha kuti andiperekeze, anati iwo sakhuza maliro a munthu amene wadya nawo phala m'mawa womwewo.

Anandiika kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi a Mwale, monga wodziwa njira. Tinadutsa kuboma, tinalowa msewu wafumbi wolowera kumadzulo. Kumbuyo amayi ankaimba nyimbo za maliro, ndipo ankaimba bwino, mpaka anthu a m'njira ankavula zipewa. Minda inali mbee, mapesi a fodya okhaokha, zigafa zopanda kanthu. Pamphambano iliyonse dalaivala ankandiyang'ana, ine n'kuloza njira imene ikuoneka yoipa kwambiri, ndikupemphera kuti tayala liphulike. Lole yakale ngati ija, imene a Mwale anati imafa sabata iliyonse, tsiku limenelo inayenda ngati yatsopano.

Dzuwa lili pamutu, anthu atayamba kufunsa ngati sitinasochere, tinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Aliyense amadziwa tanthauzo lake. Patsogolo pang'ono panali mudzi, amuna atakhala pansi pa mitengo, utsi ukufuka kuseri kwa nyumba. A Mwale anandigwira bondo n'kufunsa ngati ndi pano.

Sindinanene kuti inde. Ndinangogwedeza mutu. (Ndimakonda kukumbutsa anthu mfundo imeneyi, koma palibe amene amaiona ngati yofunika.) M'mutu mwanga ndinkati tikhala kumbuyo, tipereka ufa, tiimba nawo, tibwerera. Pamaliro anthu amachuluka, ndani amafunsa mnzake kuti wabwerera yani?

Amuna tinapita kukakhala ndi amuna anzathu. Amayi anachita zimene amayi amachita, anayamba kulira akadali pamsewu n'kulunjika kunyumba ya siwa, mayi Gondwe ali patsogolo. Kulira kwawo kunamveka mudzi wonse, ndipo sikunali kwa mwambo chabe. Ankalira mnzawo wapamtima, amene ankacheza naye madzulo alionse pafoni, amene ankadziwa zinsinsi zawo zonse, amene anawalonjeza kuti akakumana kuboma. Ankafunsa kuti awasiya ndi yani.

Bambo amene ndinakhala naye pafupi anasiya kufwenkha fodya wake. Anandifunsa chapansipansi kuti mayi akulirawo ndi ndani wa malemu. Ndinati ndi mnzawo wa kuntchito. Anati ntchito yanji, poti mdalayu moyo wake wonse anali mlimi. Womwalirayo anali nkhalamba yaimuna, ndipo monga ndinamvera pambuyo pake, inali ndi mbiri yoti ikagulitsa fodya inkasowa kuboma mpaka ndalama zitatha. Ndiye taganizani mkazi wamasiye ndi abale ake, ali m'siwa, akumva mayi wachilendo wovala diresi latsopano akulira kuti ankacheza ndi malemu madzulo alionse.

Kulira m'nyumba muja kunaduka. Kunamveka mawu okwera. Kenako ndinaona amayi awiri akutuluka atagwira mayi Gondwe mikono uku ndi uku, wina akuwafunsa kuti ana alipo angati, wina akuti ndiye ndinu munkadya ndalama za fodya wathu. Mpango unali utagwa. Mayi Gondwe ankangoyang'ana uku ndi uku, pulasitiki ya diresi ili pachifuwa, akubwereza kuti iwo abwerera Nachisale, mphunzitsi. Anthu anayamba kuimirira kuti aone bwino.

Ndakhala wamantha pa zambiri, koma apa miyendo inanyamuka yokha. Ndinapempha mwini mbumba, bambo wamtali wodekha, kuti tipite kuseri kwa chigafa pamodzi ndi a Mwale ndi amayi aja. Kumeneko, nditagwada pa mapesi, ndinafotokoza zonse: gulupu yosalankhula, layini yatsopano, njovu, malungo. Ndinatulutsa foni yakale ija ngati umboni. Mwini mbumba anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndiye mukuti munthuyo kulibe?" anafunsa.

"Kulibe, bambo."

"Sanakhaleko n'kale lomwe?"

"Ayi."

"Nanga wamwalira bwanji?"

A Mwale anali atavula magalasi, akuwapukuta kosalekeza. Anangonena kuti anasala kudya tsiku lathunthu chifukwa cha malungo aja. Amayi a pamudzipo anamasula mikono ya mayi Gondwe, mmodzi anawatolera mpango n'kuwakunthira fumbi. Mayi Gondwe anaumanga pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana.

"Ndiye zonse zija ndimauza inu, adada?"

Sanakweze mawu. Bola akanandimenya mbama pamaso pa anthu onse, ndikanapeza polirira. Ndinati pepani, mawu amene tsiku limenelo anandionekera aang'ono kwambiri. Iwo anatembenuka n'kupita kukakhala ndi amayi ophika.

Mwini mbumba anagamula kuti poti tafika, ndipo talira kale, sitingachoke mwambo usanathe. Ufa, shuga, nkhuni ndi nkhuku analandira. Polengeza alendo, wolankhula anati pabweranso aphunzitsi ochokera mbali zosiyanasiyana za Kasungu, amene sankamudziwa malemu koma amulira kuposa abale, ndipo anthu ena anabisa nkhope m'zitenje. Tinaperekeza mdala uja kumanda. Gulu langa linaimba ndi mtima wonse, ine ndili ndekha kumapeto kwa mzere, poti nkhani inali itafika kale kwa aliyense.

Pobwerera sanandiikenso kutsogolo. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa lole, kumene fumbi lonse limathera. Palibe anaimba, palibe ananditukwana. Mphunzitsi wina wachinyamata anangondifunsa ngati njovu zija zinalikodi, nditapukusa mutu anati zimenezo ndiye zamupweteka kwambiri. Ndinafika kunyumba ndili wofiira ngati chulu. Ndisanasambe n'komwe, foni inandionetsa kuti mayi Gondwe atuluka pagulupu.

Lolemba ndinaimbira a ku ofesi n'kuulula ndekha, a Mwale asanandiyambirire. Anandichotsa pa utsogoleri mwaulemu, ndi mawu ambiri a Chingerezi. Gululo silinatsekedwe. Anthu anatsegula gulupu yawoyawo yopanda ine, a Mwale n'kukhala mtsogoleri, ndipo ndikumva kuti inkalankhula usana wonse. Ulendo wa pa lole uja unawagwirizanitsa kuposa mafunso anga onse, poti palibe chogwirizanitsa anthu ngati kukhala ndi chitsiru chimodzi chochiseka. Koma mayi Gondwe anakana kulowamo. A Mwale anawaimbira, amayi anzawo anawaimbira, iwo anati za maphunziro a pafoni basi zawakwana.

Izi ndiye zinkandisowetsa mtendere. Ntchito zonse anali atamaliza, kunangotsala mayeso okha, ndipo ine ndinkadziwa kuposa wina aliyense kuti akanakhoza. Kutatsala masiku ochepa ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chamama. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anandilandira monga mlendo aliyense, anatulutsa mpando, anafunsa za kunyumba. Ulemu umenewo unandiwawa kuposa chipongwe.

Ndinalankhula zambiri, monga mwa chizolowezi changa. Ndinalumbira kuti zimene ndinawerenga sizidzatuluka pakamwa panga. Ndinati nzeru zimene anaphunzira ndi zawo, sizinali zabodza, satifiketi ndi yawo, asaitaye chifukwa cha uchitsiru wanga. Ndinati ngati akufuna ndipepese pamaso pa gulu lonse kapena pamaso pa abusa, ndichita. Iwo ankangosankha nyemba, zoola akuponyera nkhuku.

"Zoti simunena ndikukhulupirira," anatero pomaliza. "Ndipo inu ndinakukhululukirani kale, musavutike. Koma ndikatsegula maphunziro aja, phunziro lililonse ndinaliphunzira ndi iyeyo. Pena madzulo ndimatenga foni kuti ndimuuze kanthu, n'kukumbuka ili kale m'manja." Anaponyera nkhuku nyemba ina yoola. "Ndikudziwa kuti kunalibe munthu. Koma ine ndinali ndi mnzanga, adada, ndipo munandiphera."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, monga amachitira munthu woleredwa bwino. Mayeso sanalembe. Anzawo onse analandira masatifiketi, anajambulitsa kuboma, ndipo chithunzicho ndinachiona pafoni ya ahedi.

Anthu akamandiseka za lole ndi za mdala wa eni uja ndimaseka nawo, poti n'zoseketsadi, ndipo ndinaziyamba dala. Akandifunsa chimene ndinaphunzirapo ndimayankha zopepuka, kuti kuno kwathu usaphe munthu ngati sunakonzeke kumuika m'manda. Koma chenicheni ndi chakuti ndinapatsidwa ntchito yoti mayi mmodzi wa ku Chamama asasiye sukulu, ndinamugwira dzanja mpaka pakhomo la mayeso, ndipo amene anamubweza pakhomopo ndine ndemwe.